Mwana Amene Anachedwa Kuwoloka Malire

Mng'ono wanga atamwalira ku Glasgow, ku Scotland, anasiya mwana wamkazi wa zaka zitatu. Bambo a mwanayo sankadziwika kumene ali. Ine ndinkakhala ku Braunstone, ku England, ndikugwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo ndinkangoti zamaliro zikatha ndimutenga mwanayo n'kubwera naye kuno. Kwathu mwana wa mng'ono wako ndi wako, suchita kupempha kwa munthu.

Koma a khonsolo ya kumeneko anali atamupereka kale kwa banja lina loti lizimusunga. Mayi wina woona za ana anandifotokozera mofatsa kuti malamulo a ku Scotland ndi ena, a ku England ndi enanso. Kuti mwana awoloke malire, a kumeneko ankayenera kuvomereza, a kuno nawonso adzandione kaye ngati ndili woyenera. Malire akewo ndinkawadutsa pa basi osawazindikira n'komwe.

Ndinakonza chipinda. A khonsolo ya kuno anabwera, anayang'ana mawindo, anatsegula makabati, anandifunsa za ubwana wanga. Kenako kunangoti zii. Nyengo yozizira inabwera n'kupita chipindacho chili chotseka. Masana ena ndikaweruka ndinkapeza bulangete la pabedipo litalowa pakati, ngati panakhala munthu wamng'ono. M'nyumbamo ndinali ndekha. Ndinkangoliwongola n'kutseka chitseko. Sindinauze aliyense, poopa kuti zikawapeza a khonsolo anena kuti mutu wanga suli bwino.

Anamubweretsa tsiku lina kukugwa mvula, atakwanitsa zaka zinayi. Chichewa chinali chitamuthawa. Ankalankhula Chingerezi cha ku Scotland, choti ine ndinkachita kutchera khutu kuti ndimve. Mayi amene anamuperekeza akadali mkati movula jekete, mwanayo anakwera masitepe yekha, anadutsa bafa ndi chipinda changa osayang'anako, n'kukalowa m'chipinda chake. Tinamupeza atakhala pakati pa bedi, miyendo ili lendelende.

Mayiyo atapita, ndinagwada kuti ndimuvule nsapato. Anandigwira phewa n'kunena m'Chichewa chosapunduka, “Asisi, mwachedwatu.”

Munthu amene ankandiitana choncho anali mmodzi yekha, mayi ake. Ndinamufunsa kuti wati chiyani, koma iye anangopempha mkaka m'Chingerezi.

Nditawafotokozera amayi ena achikulire a kutchalitchi kwathu, anati mwina mwanayo ankamva mayi ake akundiimbira foni, mawuwo n'kumukhalira m'mutu. N'kutheka ndithu. Za bulangete zija sindinawauze.

Pano ali pasukulu, amandiitana kuti anti, ndipo Chichewa amangomva, kuyankha amayankha m'Chingerezi. Ndi mwana wansangala, wokonda kuvina kutsogolo kwa galasi. Chaka chino a khonsolo andilola kupita naye kumudzi, kumene tinakaika mayi ake, kuti akaone manda awo. Tchuthi ndinapempha kale kuntchito, koma matikiti sindinagulebe.