Mapaso a Mafiti Sikisi

Chaka chomwe ndinali Folomu 3 ndinatsika sitima pa Mtakataka ndili ndi matama osakwana m'sutikesi. Teremu imeneyo tinaphunzira masadi, nambala zija zimabisala pansi pa kachizindikiro konga mbedza, zoti ukafuna kuzilemba m'madesimo zimangopitirira osatha. Ine ndiye zinandilowa m'magazi. Mukandipatsa √45 ndinkangoiswa pawiri, 9 ndi 5, nayini n'kutuluka panja kusanduka 3, yankho 3√5. Aphunzitsi ankaonetsa kope langa kwa kalasi yonse, ine mutu uli tupu.

Kunyumba ndinapeza bambo akumanga nyumba ya njerwa, yoyamba ya malata pamtundu pathu. Makoma anali atatha. Matabwa a mapaso analipo khumi ndi awiri ndendende, lapadera panalibe. Anakachekera kuphiri, kumtunda kwa Mua, n'kubwera nawo pangolo yobwereka, ndipo ankawasisita ngati mbuzi yonenepa.

Amisiri oti akhome denga anali atapita kumaliro ku Golomoti, mitambo nayo itayamba kusonkhana pamapiri. Iwo kayezedwe kawo kanali kokwera pakhoma, kuimika mtengo pakati pa nyumba, kukoka chingwe kuchokera pakhoma kufika pamwamba pa mtengowo, kenako kudula thabwa motsatira chingwecho. Bambo atandifotokozera ndinaseka.

"Zokwera pakhoma ngati anyani n'zachikale, bambo. Tidula tili pansi pompano. Akamabwera amisiri anuwo angopeza zokhoma."

Bambo ankanditchula kuti amayi, popeza ndinatenga dzina la mayi awo. Anandiyang'ana monyadira n'kuti, "Chabwino amayi, tawerengani. Sukulu tinakutumizirani yomweyo."

Nyumbayo m'lifupi inali mafiti khumi ndi awiri, ndiye kuchokera pakhoma kufika pakati anali sikisi. Denga ankafuna likwere mafiti atatu. Ndinajambula thirayango pansi ndi kamtengo: 36 kuphatikiza 9, 45. Ha! Mnzanga wakale uja, √45, wanditsata mpaka kumudzi. Ndinalemba 3√5 m'zilembo zazikulu kuti amene akudutsa aone.

"Nanga pa tepi ndiye pati?" anafunsa bambo, chifukwa tepi yawo inalibe kachizindikiro ka mbedza kaja.

Apa mpamene nzeru zinandithera. Kusukulu tinkasiya yankho lili choncho, aphunzitsi n'kuchonga. Buku la matebulo a masamu ndinalisiya kuhositelo. Koma kunena kuti sindikudziwa, ine? Ndinati 2 kuchulukitsa ndi 2 ndi 4, ndipo 4 ndi 5 n'zoyandikana, basi √5 ikhale 2. Katatu, sikisi.

"Sikisi?" Bambo anakanda kumutu. "Si yomwe ija ya pakhoma kufika pakati?"

Munthu wosadziwa kulemba dzina lake anali ataona cholakwikacho. Ine wa Folomu 3 ndinangoti, "Masamu sanama, bambo." Anatenga sowo. Ndinkalemba mzere pa thabwa, iwo n'kudula, mpaka onse khumi ndi awiri, akuimba nyimbo za kutchalitchi.

Amisiri anabwera Lolemba, anthu apamudzi nawonso anasonkhana kudzathandiza kukweza. Anakweza mapaso awiri oyamba, lina uku lina uku. Mayo ine! Anakumana pakati atagona chogona, lathyathyathya ngati tebulo. Pomwepo, mochedwa, mutu unatseguka: 7 kuchulukitsa ndi 7 ndi 49, ndiye √45 ili pafupi ndi 7, osati 6. Ndikanangoisiya osaikongoletsa ndikanaona. Kachidutswa komwe ndinataya pa √5 ndinali nditakachulukitsa katatu, ndipo thabwa lililonse linaperewera kuposa chikhatho.

Amisiri anatsika pakhoma pang'onopang'ono, n'kutola kachidutswa kamodzi ka thabwa, kukatembenuza uku ndi uku.

"Achimwene, matabwa abwino chonchi! Wayeza ndani zimenezi?"

Ndinali nditaima pafupi ndi mulu wa malata, manja kumbuyo. Bambo sanandicheukire n'komwe.

"Ndine," anatero. "Maso akalamba, ndinaona molakwa pa tepi."

Anthu anafa nacho chiseko. Wina anati amange thandala loyanikapo mpunga, wina anati adzigona pansi pa tebulo. Bambo anaseka nawo limodzi.

Mvula inatipeza tili m'nyumba yakale ya udzu, ndipo makoma atsopano aja ananyowa dzinja lonse, mbali imodzi n'kugwa. Ine ndinabwerera kusukulu mbiri yanga ili yoyera, mtsikana wa masamu. Bambo ndiwo ankasekedwa, pamowa, pamaliro, ngakhale potuluka Misa: munthu akafuna kudula kanthu ankati, "Bwerekani tepi ina, osati ya akuluwa." Anasekedwa mpaka tsiku lomwe tinawaika m'manda, ndipo zaka zonsezo ine sindinatsegule pakamwa kuuza munthu ngakhale mmodzi kuti amene anayeza ndine.