Mphindi Zinayi za Adadi

Loweruka, mwezi wa Juni, 2021

Ndadzuka ndi chimwemwe lero, ngakhale kuzizira kwa kuno ku Armadale, dera la mu Perth, kunandilowa m'mafupa. Dzana achimwene analandira imelo kuchokera kwa kochi wa basiketibolo wa koleji ina yaing'ono ku Amereka. Inali mizere iwiri yokha: atumize vidiyo yoonetsa mmene amasewerera, isapitirire mphindi zitatu, ifike pofika Lolemba. Pa makochi onse amene achimwene awalembera chiyambire chaka chino, wayankha ndi yekhayu. Malire ndi otseka chifukwa cha mliri, palibe kochi amene angakwere ndege kudzaona mnyamata akusewera kuno ku Perth, choncho vidiyoyo ndiye zonse. Wodziwa kudula ndi kulumikiza vidiyo m'nyumba muno ndine, chifukwa tinaphunzira kusukulu. Ndinadzuka ndikudzimva kuti ndine munthu wofunika.

Pa intaneti pali masamba amene amandandalika anyamata omaliza sekondale, kuyambira katswiri woyamba kutsika mpaka pansi, aliyense ndi nyenyezi zake. Ukakhala ndi zisanu ndiye kuti makoleji akukulimbirana. Achimwene alibe ngakhale imodzi, ndipo dzina lawo palibe n'komwe. Komabe adadi amatsegula mndandandawo m'mawa uliwonse asanapite ku yunivesite kukachita kafukufuku wawo. Amayendetsa chala pang'onopang'ono, ngati mmene ankafunira dzina lawo pa mndandanda wa osankhidwa kupita ku sekondale kalekale kumudzi. Akafika pansi amapumira m'mwamba n'kunena kuti, "Mwina sanamalize kuchonga."

Tsiku lina ndinawerengera amayi zimene olembawo amanena za anyamata a nyenyezi zambiri. Manja aatali, mapewa adzadzaza akamakula, miyendo ikadali yowonda koma tsogolo lilipo. Amayi anafunsa kuti, "Nanga mano anawaona? Paja ng'ombe sagula osaitsegula pakamwa." Chimene chimandidabwitsa ine n'chakuti mnyamata wina anakwera kwambiri pa mndandandawo m'miyezi imene masewero onse anali oimitsidwa ku Amereka. Sanaponye mpira pamaso pa munthu aliyense, koma nyenyezi inaonjezeka. Ndikanakonda aphunzitsi anga a masamu akanamachonga choncho.

Cha m'ma naini kunabwera ankolo, mnzawo wa adadi wa ku Lusaka. Amagulitsa nsapato zamasewero m'sitolo ina ku Cannington, ndiye pankhani ya basiketibolo amadziyesa kochi, dokotala komanso mneneri. Asanakhale n'komwe pampando anayamba kundilangiza m'kalankhulidwe kawo ka ku Lusaka.

"Mvera iwe, ba kochi aba sibafuna nkhani zambiri. Faka nyimbo, faka na moto pa mpira. Msinkhu lemba na nsapato, na tsitsi yonse. Bonse bachita so."

"Ankolo, kumeneko si kunama?" ndinafunsa.

"Kunama kwa chani? Tsitsi si yake?"

Tikuseka choncho, adadi anatuluka kuchipinda atavala suti yawo ya kutchalitchi ndi tayi yofiira. Pambuyo pawo panali achimwene, nawonso mu suti, manja a jekete atathera patali ndi pamene pamakhala wotchi. Nkhope yawo inali ngati ya munthu wopita kukazulitsa dzino. Adadi anandiuza kuti ndiimike foni patebulo, nditseke makatani, chifukwa vidiyo iyamba ndi mawu awo.

Analankhula m'Chingerezi chawo cha ku yunivesite, koma zimene ankanenazo zinali za kwathu zenizeni. Anayamba ndi moni. Anafunsa kochiyo mmene adzukira, mmene alili mayi a kunyumba ndi ana, ndiponso ngati matendawa sanawakhudze. Anapepesa powatayitsa nthawi. Anatchula mudzi wathu, mfumu yaikulu, boma ndi mpingo umene timapemphera. Kenako anaika dzanja paphewa la achimwene, mochita kunyanyamphira, n'kunena kuti:

"Bambo kochi, mwanayu sadziwa kanthu. Tikumupereka m'manja mwanu kuti mukamuphunzitse. Dzanja lake lamanzere ndi lofooka. Akatopa amaiwala kubwerera kukatchinga. M'mawa kudzuka imakhala nkhondo. Akalakwa mukamudzudzule ngati mwana wanu, ife sitidzadandaula."

Ankolo anayamba kutsokomola mpaka amayi anawayang'ana ndi diso la mliri, koma kunali kuseka. Achimwene anangoti njo, maso ali padenga. Nditazimitsa foni ndinaona kuti mawu a adadi atenga mphindi zinayi ndi kachidutswa. Kochi anapempha zitatu, ndipo mpira sunaoneke n'komwe.

"Mudala, mwamupaya mwana!" anatero ankolo akupukuta misozi. "Banzake balemba ati nalumpha monga ndeke, imwe mukamba ati sauka m'mawa?"

Adadi sanaseke. Anakhala pansi, nakonza tayi, n'kuyankha ankolo mofatsa ngati akuphunzitsa kalasi. "Achimwene, munthu supempha malo a mwana pakhomo pa eni usanapereke moni. Ndipo wopereka mwana amanena zofooka zake, kuti mawa asadzati tinawabisira. Munthu wanzeru akamva kholo likuchepetsa mwana wake amadziwa kuti mwanayo analeredwa bwino."

"Paja pa chinkhoswe chathu amalume anga anauza abale anu kuti sindidziwa ngakhale kuwiritsa madzi," anatero amayi akuika tiyi patebulo.

"Mwaona?" anatero adadi mokondwa. "Ndipo ndinakutenganibe."

"Inu munali mutandiona kale," amayi anayankha, koma adadi anali atayamba kuthira shuga.

Ndinayesa kunena za mphindi zitatu zija. Adadi anati kochi amanena mphindi zitatu za mpira, moni sawerengera. Anati ndiike mawu awo patsogolo, mpira pambuyo, ndipo ndisanatumize ndiwaonetse.

Masana achimwene anandiitanira panja pagalaja, pamene pali mkombero wathu wopindika woponyamo mpira. Anali atavula suti, akudunditsa mpira mwaukali. Iwo amamva Chichewa chonse koma amayankha m'Chingerezi cha kuno, chotulukira m'mphuno. Anandiuza kuti ndipange mavidiyo awiri. Imodzi ya mawu a adadi, yoti ndiwaonetse asangalale. Ina ya mpira wokhawokha, yoti ipite ku Amereka. Anati adadi sangadziwe, chifukwa ngakhale kutumiza chithunzi pa foni amaitana ine.

"Bwanji osangowauza nokha, achimwene?" ndinafunsa.

Anangotembenukira ku mkombero. Anaponya mpira ndi dzanja lamanzere, unagunda mkombero n'kugwera m'maluwa a amayi.

Ndinawamvera chisoni. Zimene adadi ananena ndi zoona, zonse zitatu. Koma n'zoonanso kuti katatu pa sabata achimwene amakwera sitima ziwiri kupita ku Joondalup kukaphunzira mpira, atavala masiki njira yonse nthawi imene boma linalamula masiki, n'kubwerako atatopa zedi. Pamene tinatsekeredwa m'nyumba ankaponya pagalaja pomwepa mpaka zala kuchita matuza. M'foni mwanga muli masewero awo onse a chaka chino, ndipo pali kamphindi kena pamene anatchinga mpira wa mnyamata wamtali kuwaposa, holo yonse n'kukuwa. Kochi akatsegula vidiyo n'kupeza bambo wa tayi yofiira akufunsa za mayi a kunyumba, kamphindi kameneko sadzakaona. Ndipo kochi wina woyankha palibe.

Koma kunamiza adadi sindinayambe ndachitapo, kupatula za ndiwo zamasamba zimene ndinkabisa pansi pa mbale ndili mwana. Akadzazindikira, sadzakalipa. Adzangokhala chete masiku atatu, ndipo kukhala chete kwa adadi kumawawa kuposa kukalipa kwa amayi.

Nditabwerera m'nyumba ndinapeza adadi ndi ankolo atatsegula mndandanda uja pa laputopu yanga. Ankafuna kuona vidiyo ya mnyamata wa nyenyezi zisanu, ati aone chimene achimwene akuperewera. Ndinawatsegulira. Vidiyoyo inayamba ndi mnyamatayo atakhala pampando, akuthokoza Mulungu, makolo ake, aphunzitsi ake ndi aliyense amene anamukhulupirira. Ndinkayang'ana kanambala ka pansi kowerenga nthawi. Sikanafike n'komwe pa masekondi khumi pamene adadi anayamba kugwedeza dzanja.

"Pititsa, pititsa, mwanawe. Zolankhulazi n'zachiyani? Tikufuna tione mpira ife."

Ndinapititsa. Mnyamatayo analumpha, nalowetsa mpira ndi manja awiri, adadi n'kuomba m'manja. Ankolo anati mwana ameneyo nsapato zake ndi zomwe iwo amagulitsa. Palibe mmodzi wa iwo amene anazindikira zimene adadi anali atangonena. Ndinayang'ana amayi. Amayi anandiyang'ana, kenako anayamba kusonkhanitsa makapu mwachangu, milomo atailuma. Ndinafuna kuwakumbutsa adadi za moni wawo wa mphindi zinayi, koma kholo silikonzedwa pamaso pa mlendo, makamaka mlendo wake ankolo, amene akanaifalitsa nkhaniyo kwa Amalawi ndi Azambia onse a mu Perth Lamulungu lisanathe.

Madzulo dzuwa lisanalowe ndinakhala pansi n'kulumikiza mphindi zitatu za mpira. Nyimbo sindinaike, moto sindinaike, ndipo msinkhu ndalemba wopanda nsapato, chifukwa ngati kochi adzawatenge adzawayezanso yekha. Mawu a adadi ndawasunga padera, sindinawafufute. Ndinawaoneranso ndekha kawiri. Ndi oseketsa, koma pamene akunena kuti ife sitidzadandaula, mawu awo amanjenjemera pang'ono, ndipo zimenezi sindinazimve m'mawa muja.

Mavidiyo awiri sindipanga. Mawa tikabwerako kutchalitchi, ankolo kulibe, ndidzatenga laputopu n'kukagwada pafupi ndi mpando wa adadi. Ndidzawaonetsa mphindi zitatu za mpirazo, ndipo ndidzawakumbutsa mwaulemu mawu amene ananena iwo eni masana ano. Moni wawo ndidzawapempha kuti tiulembe mu imelo, mizere itatu, popanda za dzanja lamanzere. Achimwene ndawauza kale kuti sakabisala pagalaja. Adzaima pomwepo ndipo adzapempha ndi pakamwa pawo, m'Chichewa, ngakhale chituluke chokhotakhota. Adadi akakana, ndidzawapatsa laputopuyo kuti vidiyo ya suti aitumize okha, mwana wawo akuwayang'ana.