Lumbiro la Biliyoni

Ndinali ndi zaka khumi chaka chimene ndinatsala pang'ono kupha mayi anga ndi masamu. Tinali tisanakhalitse ku Mzuzu, bambo atawasamutsa kuchokera ku Dedza pa ntchito yawo ya ukalaliki. Tinkachita lendi ku Chibavi, kufupi ndi dambo, kumene chifunga chinkagona mpaka dzuwa litakwera ndipo matope sankauma ngakhale m'miyezi imene kwathu kumakhala fumbi lokhalokha.

Mnzanga wa pamtima anali Tiwonge, mwana wa anyaGondwe a nyumba yoyang'anizana ndi yathu. Ndiye anandiphunzitsa kupereka moni wa Chitumbuka osachititsa manyazi mtundu wanga. Kusukulu tinkakhala moyandikana pansi, buku la Chingerezi lili limodzi pakati pathu. Ambulera nayonso inali imodzi, yake, ndipo ku Mzuzu mnzako wa ambulera sumuseweretsa.

Tinayambana pa fulaye. Loweruka lina amayi onse a m'dera lathu anapita kokayeserera magule a chipani atavala nsalu zawo zofanana, ana tinatsala tokha mumsewu popanda wotiweruza. Ine ndinali pakati, ndikuzinda mpira uku ndikuthira mchenga m'botolo. Botolo litatsala pang'ono kudzaza, Tiwonge anaimitsa masewera.

"Wakukhudza diresi iwe, tuluka. Ndaona bwino chomene."

Mpaka lero ndimati sunandikhudze. Koma ine ndinabadwa ndi mtima wapachala. Ndinataya botolo, kunyambita chala, kuchidutsitsa pakhosi n'kuloza kumwamba, monga tinkachitira polumbira.

"Pali amayi anga, sindidzakulankhulanso mpaka nditawerenga kufika biliyoni!"

Lumbiro lotchula mayi silinali la masewera. Tonse tinkadziwa kuti ukaliphwanya, mayi ako amagwa n'kufa pompo. Panalibe amene anaonapo zikuchitika, koma aliyense anali ndi msuweni amene anamva za mwana wina wa ku Karonga.

Mawu akuti biliyoniwo ndinawatola pa wailesi ya bambo, pa nkhani za maiko akunja, ndipo ndinangowakonda kulemera kwake m'kamwa. Ndinkaganiza kuti manambala amakwera ngati makalasi: handiredi ndi Sitandade 1, sauzande Sitandade 2, miliyoni Sitandade 3, biliyoni ndiye Sitandade 4, kalasi imene ine ndinalimo kale. Ndinati ndikayamba lero, pofika Lolemba ndikhala nditamaliza, Tiwonge atalangika mokwanira.

Ndinayamba madzulo omwewo kuseri kwa khitchini. Wani, thuu, firii. Poyamba zinkayenda ngati madzi. Lamulungu ndinawerenga m'tchalitchi ulaliki wonse, maso ali chotsinzina, milomo ikugwedezeka, moti mayi wina wa chigwirizano anauza mayi anga potuluka kuti mwana wawo ali ndi mphatso ya pemphero. Mayi anandiyang'ana mokayika, popeza ankandidziwa.

Lolemba ndiye linandivuta. Ndinakhala pamalo panga pa masiku onse, phewa langa likugundana ndi la Tiwonge, buku lili pakati. Iye lumbiro silinkamukhudza, pakamwa pake panali pomasuka. Akaona milomo yanga ikuyenda ankandinong'oneza kuti, "Sevente-seveni, fote-thuu, naini," mpaka manambala anga onse kubalalika. Ndinkayambiranso pamene ndinkakumbukira, nthawi zina ndikudzibera pang'ono, kenaka n'kubwerera m'mbuyo poopa kuti kubako kungadwalitse mayi.

Poweruka kunagwa kamvula kaja ka ku Mzuzu kosamveka padenga koma kolowa mpaka m'mafupa. Ndinayenda ndekha ndikunyowa, ndipo patsogolo panga ndinaona ambulera ija ikupita, pansi pake pali Tiwonge ndi mtsikana wina wa ku Mchengautuwa, akuseka. Zinandipweteka kwambiri. Mkwiyo unali utatha kale, chotsala chinali kumusowa mnzanga, ndipo pakati pa iye ndi ine panali manambala amene sankaoneka kuti akutha.

Amene anandigwira ndi achimwene anga a Fredi, omwe anali Fomu 2 ku Katoto ndipo ankayenda ngati sukulu yonseyo anaimanga okha. Anandipeza ndikutsuka mbale uku ndikung'ung'udza.

"Iwe, wayamba misala?"

Ndinawakwezera dzanja kuti adikire ndifike pa nambala yosavuta kukumbukira, kenaka ndinawafotokozera zonse. Anaseka mpaka kukhala pansi. Atatha anatola khala, kuvula wotchi ya bambo imene ankabwereka popanda kupempha, n'kuyamba kulemba pakhoma la khitchini.

"Tinene kuti nambala iliyonse ikutenga sekondi imodzi. Apo ndakukomera mtima, chifukwa manambala aakulu ndi aatali kutchula. Sauzande uifika phala lisanapse. Miliyoni ndi masiku khumi ndi limodzi ndi theka, osagona, osadya, osapita kuseri."

Ndinadzilimbitsa mtima. Ngati miliyoni ndi milungu iwiri yosakwana, ndiye kuti biliyoni ndi milungu itatu, mwina mwezi. Ndinawauza choncho.

"Biliyoni ndi mamiliyoni sauzande, chemwali," anatero mokoma ngati akundipatsa switi. Analemba kwa nthawi, khala likulira pakhoma, n'kuzunguliza yankho. "Zaka sate-wani ndi miyezi ina pamwamba. Ukamadzamaliza udzakhala mzimayi wa zaka fote-wani, ndipo Tiwonge adzakuyankha ali ndi mdzukulu kumsana. Ukafuna kumagona usiku, uwonjezerepo zina sikisitini. Komanso uthokoze. Aphunzitsi athu akuti Angerezi akale anali ndi biliyoni ina yaikulu kuposa iyi."

Ndinayesa kuganiza zaka makumi atatu ndi chimodzi, mutu unakana. Moyo wanga wonse, kuyambira kubadwa ku Dedza mpaka mbale imene inali m'manja mwangayo, unali zaka khumi zokha. Ndinafunika miyoyo yotero itatu, ndipo sikanakwanabe. Ndinakhala pansi pamatope n'kuyamba kulira mokweza.

Mayi anatuluka m'nyumba akupukuta manja. Achimwene anafotokoza, akuloza khoma monyadira. Mayi anayamba ndi iwo, kuwauza kuti khomalo ndi la eni nyumba ndipo alitsuke dzuwa lisanalowe. Kenaka anatembenukira kwa ine.

"Ndiye wandiika chikole ine? Pa fulaye?"

Ndinagwedeza mutu movomera.

"Osandifunsa n'komwe?"

Sanandimenye, ngakhale ndinkalakalaka akanatero kuti zithe. Anangolowa m'nyumba, kutuluka ndi mphasa, kundigwira dzanja n'kuwoloka nane msewu. AnyaGondwe anali pakhonde akusankha nyemba, Tiwonge ali pambali pawo.

"Monire, anyaGondwe. Ndabwera kudzafera pakhomo panu," anatero mayi, akuyala mphasa pabwalo.

AnyaGondwe nkhani anali ataimva kale kwa mwana wawo. Nkhope yawo sinasinthe ngakhale pang'ono.

"Yewo, mama, fikani. Tiyi nditereke, panji tidikire tione kaye?"

"Terekani, mwina ndimupeza."

Mayi anagona chagada pamphasapo, akuti kuti asagwe kuchokera patali, n'kudzifunditsa chitenje mpaka kumaso. Ana a mumsewu wonse anali atasonkhana kale kumpanda. Mawu anatuluka pansi pa chitenje.

"Mulankhule mnzakoyo."

"Amayi, mufa."

"Moyowu ndi wanga, si wako. Lankhula, ndili ndi ndiwo pamoto."

Ndinayang'ana Tiwonge, ndipo ndinaona kuti nayenso mantha amugwira, nyemba zili chogwira m'manja. Ndinafunafuna mawu abwino oti ngati mayi afe, afere chinthu chaulemu. Amene anatuluka ndi awa:

"Mpira uja sunandikhudze."

Chitenje sichinagwedezeke. Sindikudziwa kuti mayi anakhala choncho nthawi yaitali bwanji, mwina masekondi khumi okha, koma ine ndinaona mdima. Mwana wina kumpanda anayamba kulira. Ndinagwada n'kugwira phazi lawo, likadali lofunda.

"AnyaGondwe," anatero mawu aja pansi pa chitenje, "kuno sikunabwere aliyense kudzanditenga. Tiyi uja wapsa?"

Anthu anaseka mpaka ena kugwira mpanda. Ine ndinalira ndi kuseka nthawi imodzi, nkhope ili pamimba pa mayi. Tiwonge anadikira kuti phokoso lichepe, n'kundiuza chapansipansi kuti mpirawo unandikhudza ndithu. Mawa lake tinapita kusukulu pansi pa ambulera imodzi tikukanganabe.

Masiku ano mawu akuti biliyoni ali pakamwa pa aliyense, ndipo anthu amawatchula mopepuka ngati mmene ndinachitira ine mumsewu muja. Ine ndikawamva sindiona manambala, ndimaona zaka. Mayi anakhala nafe zaka zina makumi atatu, ndipo tinawaika m'manda ine ndili ndi zaka makumi anayi, Tiwonge atandigwira mkono. Pobwerera kumanda ndi pamene ndinazindikira kuti ndikanasunga lumbiro lija kuti ndiwapulumutse, ndikanakhala ndikuwerengabe tsiku limenelo, ndisanapeze mpata wocheza nawo ngakhale kamodzi. Zonse zimene tinakambirana ine ndi mayi anga kuchokera pamphasa paja, za ukwati wanga, za ana, za matenda awo, mikangano yathu ndi miseche yathu ya m'khitchini, zinakwana m'masekondi osafika biliyoni imodzi.