Tsiku limene a Mohani anamwera m'chipanda chathu

Ndikakumbukira a Mohani, ndimayamba ndamva mabingu akugunda kumapiri a kumadzulo, nyenje zikulira m'mitengo ya mango, ndi mphepo yotentha ikuulutsa udzu pabwalo. Linali tsiku lofolera nyumba yathu, kumudzi kufupi ndi Manjawira, ndipo aliyense ankagwira ntchito mothamanga chifukwa fungo la mvula yoyamba linali litafika kale.

A Mohani anali mwenye wosoka nsapato, wamfupi, wa imvi, wa zala zakuda ndi phula. Anabwera ndi amwenye anzawo a sitolo, koma sankagona kumpanda kwawo. Bambo anawapatsa kanyumba kuseri kwa khola lathu la ng'ombe, ndipo m'menemo munkanunkha zikopa ndi utsi wa lubani umene ankafukiza m'mawa uliwonse asanagwire singano.

Anafe tinkawakonda chifukwa cha nyimbo. Anali ndi choimbira cha chingwe chimodzi, chonga kaligo, chimene anapanga okha ndi chikho ndi chikopa cha mbuzi. Akangochikhudza tinkasiya chilichonse, ngakhale mbuzi zili m'munda mwa eni ake, n'kuthamangira kukhonde kwawo. Ankaimba atatseka maso, mutu ukupita uku ndi uku, kenako n'kutimasulira m'Chichewa chawo chochedwa. Nyimbozo, ankatero, anazipeka anthu oyera mtima a kwawo a kalekale. Wina anali wosoka zikopa, wina woomba nsalu, wina mayi wantchito wopera ufa pamphero. Onsewo anabadwira m'mafuko onyozeka, ena osaloledwa n'komwe kulowa m'kachisi, koma ankalankhula ndi Mulungu ngati mnzawo wa pakhomo.

"Akuluakulu anatseka chitseko," ankatero akuseka, "ndiye Mulungu anatuluka, n'kukakhala panja ndi osoka nsapato."

Tsiku lofoleralo a Mohani anakwera padenga limodzi ndi amuna a m'mudzi, n'kumanga udzu ndi luzi mwaluso moti anthu ankaitanizana kuti adzaone mfundo zawo. Denga litatha, amayi anatulutsa mtsuko wa thobwa, amuna n'kukhala mozungulira pansi pa mtengo. Chipanda chinali chimodzi, monga mwa nthawi zonse, wina akamwa n'kupatsira mnzake. Chitafika pa a Mohani, iwo sanachigwire. Anagwada, n'kutchera manja pansi pa kamwa, n'kupempha kuti awathirire.

Malume anga, a Ngozo, mlongo wa amayi, amene anali mwini mbumba ndi mwini malo onsewo, anaika chipewa pabondo.

"Kodi bwana, pakamwa pathu pali mphere? Padenga tinali limodzi, pachipanda ndiye tasanduka agalu?"

Ena anavomereza mong'ung'udza. Malume anatembenukira kwa bambo. "Alamu, mlendo wanuyu akunyansidwa nafe. Apite akagone kwa anzake."

Ine ndinali ndi zaka khumi, ndipo mwana salankhula pa akuluakulu, koma sindikanatha kupirira chifukwa ndinkadziwa zimene iwo sankadziwa. Kuseri kwa sitolo ya amwenye aja ndinali nditaona kapu yobenthuka ili pamsomali kunja kwa khoma, ya a Mohani okha, ndipo mayi wa pasitolopo ankawathirira tiyi kuchokera m'mwamba kuti ketulo isakhudze kapuyo. Ndinangoimirira n'kunena zonsezo mpweya umodzi.

"Khala pansi iwe," anatero malume.

Koma bambo anafunsa mofatsa, "N'zoona zimenezi, a Mohani?"

Iwo anayang'ana pansi. "N'zoona. Ine ndine wa fuko la zikopa. Kwathu ndikamwera m'chikho cha munthu, chikhocho chimatayidwa. Sindinafune kukudetserani chanu."

Bambo anaseka mpaka kutsokomola. "Zikopa? Ife agogo athu ankavala zikopa, zishango zathu n'zikopa. Mudzi wonse uno ndiye wodetsedwa. Imwani, achimwene, thobwa likuzizira."

Ndikuwaonabe a Mohani akulandira chipandacho. Munthu wa imvi, amene anawoloka nyanja yamchere, ankaopa chipanda ngati khala la moto. Anachifikitsa pakamwa, namwa pang'ono, namwanso kwambiri, thobwa likuyenderera m'ndevu. Bambo anachilandira n'kumwa pomwepo pamene panali milomo yawo. Amayi anaimba nthungululu ali pakhomo la khitchini, ndipo nthawi yomweyo madontho oyamba anayamba kugwa, akuluakulu, akudzutsa fumbi.

A Mohani anathamanga ngati mnyamata kukatenga choimbira chawo. Anaima pabwalo mvula ikuwanyowetsa, n'kuimba mokweza kuposa tsiku lina lililonse, ife tikudumpha m'matope ndi kubwereza mawu amene sitinkawamva, amayi ndi anzawo akuomba m'manja. Mkulu wina anatenga ndodo n'kuyamba kuponda gule wathu wa ngoma pa nyimbo ya chimwenye, ndipo zinagwirizana. Ndaona maukwati ambiri, wanga womwe, koma sindinaonenso munthu wosangalala chotero.

Mkati mwa chisangalalocho sindinaone kuti chipanda chinaima. Malume ndi amuna ena atatu anakana kumweramo. Nkhani anaitembenuza. "Ngati abale ake enieni samwera naye, akudziwapo kanthu," anatero malume. "Tidzatupa nazo izi." Mawu anga omwe ndinanena poteteza a Mohani ndi amene anapatsa malume chifukwa.

Bambo anali mkamwini, malo sanali awo. Anachonderera malume dzinja lonse kuti mlendoyo asachoke, koma titakolola a Mohani anamanga katundu wawo n'kukwera lole yopita ku Balaka. Ndinalira ndikunyoza malume mokweza, a Mohani n'kundigwira paphewa. "Usatero. Akuopa basi. Inenso ndaopa zaka zambiri kuposa iwo." Sitinamvenso za a Mohani.

Ndinakula ndi mkwiyo umenewo mwakachetechete. Ndinkapemphera, ndinkaimba kwaya, koma moni wa malume ndinkayankha ndi mlomo wokha. Malemu mkazi wanga ndiye ankandiuza kuti sindingakonde nyimbo za munthu n'kukana zimene ankaphunzitsa. Malume atakalamba n'kudwala matenda a chifuwa, anthu anayamba kuwapatulira mbale ndi kapu yawoyawo, ndipo tinawatengera kwathu. Tsiku lina ndikuwamwetsa phala anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kufunsa ngati ndikumukumbukira mwenye uja wa nsapato. Ndinati ee. Kenako ndinapitiriza kuwamwetsa phala lija.

Lero ndimakhala ndekha, ndipo polima ndimapezeka ndikung'ung'uza nyimbo zija, ngakhale mawu ake ndinawasokoneza kalekale. Malume ndi anzawo atatu aja onse anapita. Ndinawakhululukira.