Swichi ya M'chipinda Chosokera

Inali swichi yoyera, yong'aluka pangodya imodzi, yodetsedwa ndi chala cha bambo. Inali pafupi ndi chitseko cha chipinda chimene ankasokeramo zovala, m'nyumba yathu ya ku Balaka. Maswichi ena onse m'nyumbamo ankayaka ukawatsitsa. Koma chipinda chimenechi tinachita kuwonjezera, ndipo mawaya ake anaika ndi amalume, amene anaphunzira ntchitoyi ku Mozambique. Iwo anaika monga anazolowera kumeneko: kukweza ndiye kuyatsa. Bambo okha ndiwo ankakhudza za m'menemo, choncho enafe sitinkadziwa.

Bambo anamwalira mvula itangoyamba. Chipinda chinatsekedwa monga anachisiyira, makina atafunditsidwa chitenje, simbi ili pa tebulo. Azakhali, alongo awo a bambo, anabwera kuchokera ku Ngokwe kudzakhala nafe masiku a maliro, ndipo sanafulumire kubwerera.

Chaka chimenecho magetsi ankazimazima. Azakhali ankawaopa kwambiri. Akangozima, ankayenda nyumba yonse kukweza swichi iliyonse kuti akamabwera asapeze kanthu koyaka. Pa chipinda cha bambo sankalowa. Ankangopisa dzanja, n'kukweza, n'kutseka msanga.

Ndiye madzulo, mitambo itada, magetsi ankabwera mwakachetechete. Nyumba yonse ili zii, koma pansi pa chitseko cha bambo pankatuluka kamzere kachikasu. Ndimakumbukira nkhuku zikulowa m'khola, ife titaima m'khonde.

"Achimwene sanagone," ankanong'ona azakhali. "Alamu, nyumba ino tichokemo."

Mayi ankaima kanthawi kuyang'ana kuwalako, kenako ankalowa okha, kuzimitsa, n'kutuluka maso ali pansi. Lero ndikudziwa kuti dzanja limene linkazimitsa linkadziwa kuti likutsitsa. Sindiwaweruza. Mulungu ndiye amayeza zimene munthu wolira wasankha kusanena.

Lamulungu lina ndinatsala ndekha chifukwa cha malungo. M'mawa mwake magetsi kunalibe, ndipo azakhali analimba mtima n'kulowa m'chipindamo kukasonkhanitsa zovala za bambo zoti abale adzagawane. Anaona simbi idakali yolumikiza ku soketi, swichi yake ili pansi. Anaikweza, poganiza kuti akutiteteza. Kenako onse anapita kutchalitchi.

Ndinagona pamphasa m'khonde, thupi likunjenjemera. Dzuwa lili pamutu, kamzere kaja kanaoneka pansi pa chitseko. Kenako ndinamva kaphokoso kamene simbi imachita ikamatentha, the, the. Ndiyeno fungo: nsalu yofunda, fungo la bambo akamamaliza malaya a kasitomala. Ndinaitana pang'onopang'ono, "Ababa?" Sindinathawe. Ndinadikira kuti chitseko chitseguke. Fungo linasintha, linayamba kuwawa pakhosi, utsi ukukwawa pansi pa chitseko kubwera pamene ndinagona, ine ndili chidikirire.

Mayi anatuluka mapemphero asanathe, poti mtima sunawakhazikike za malungo anga. Anandilumpha, kukankha chitseko, kuzula chingwe kukhoma. Simbi inali itaboola bulangeti lositira n'kuyamba kudya thabwa. Anandinyamula kupita nane panja, ngakhale ndinali wamkulu kale kosayenera kunyamulidwa, ndipo ndinamva mtima wawo ukugunda pa khutu langa.

Amalume anabwera pa sitima ya ku Nayuchi sabata yotsatira. Anati mawaya ali bwino, swichi yozondoka payokha siwotcha nyumba. "Chowotcha ndi dzanja limene lazolowera kwina," anatero, ali chogwada ndi sikuludiraiva. Azakhali anagwira pakamwa. "Ndiye ndinali ine? Alamu, inu osandiuza?" Mayi anangoti, "Pepani." Za kusamuka sizinanenedwenso.

Amalume anatembenuza soketi. Atafika pa swichi ya babu, mayi anawagwira mkono.

"Iyayi, achimwene. Iyo isiyeni."

Patapita zaka zambiri, mkazi wanga atamwalira, ndinasiya nsapato zake pakhomo mpaka mvula inazionongeratu. Koma nthawi ya swichi ija ndinali mwana. Tsiku lina magetsi atazima, azakhali atabwerera kwawo, ndinaona mayi akupisa dzanja m'chipinda chija, n'kukweza swichi, n'kukakhala pa mpando m'khonde moyang'ana chitseko. Ndinathamanga kukawauza kuti alakwitsa, kukweza ndiye kuyatsa. Anati, "Ndikudziwa, mwanangu. Khala apa." Ndinakhala, ndikudabwa kuti munthu wamkulu angaiwale bwanji msanga chotero.