Masa ya Amalume Fawusitino

Nyumba imene tinathawiramo ku Ulongwe inkanunkha utsi wa bulugamu wauwisi ndi mabulangete osauma. Inali nyengo yozizira, ndipo chifunga chinkachedwa kuchoka pamadenga. Tinachoka ku Lifidzi anthu a mfuti atatentha nkhokwe za m'mudzi mwathu, ndipo tonse tinkagona m'chipinda chimodzi kuseri kwa merikado, msika wa m'tauniyo. Ine ndinali mtsikana wa zaka zisanu ndi zinayi.

Chaka chomwecho amalume Fawusitino anabwerako ku Jeremani, kumene ankagwira ntchito m'fabrika ya nsalu. Anabwera ndi chiwaya chakuya ndi kabotolo ka msuzi wakuda wa soya. Ankati anawapatsa ndi mnzawo wa ku Vietnam amene ankagona naye chipinda chimodzi, munthu wokuliranso m'nkhondo, amene ankaphika chilichonse mofulumira ngati moto ndi wobwereka. Anafe tinkawachonderera kuti atiphikire chakudya cha mnzawoyo. Iwo ankangoti nyama palibe.

Lachiwiri lina bambo anabwerera kumudzi kukatenga ng'ombe yathu yotsala, imene anaisungitsa kwa msuweni wawo. Amayi anawaletsa, koma iwo anati akadzera njira ya m'dambo. Lachinayi masana, amayi ali pamzere wa chimanga kumishoni, anafika a Bonifasiyo, anansi athu akale, akukankha njinga. Pakaliyala panali thumba lodontha magazi. Analankhula ndi amalume kuseri kwa nyumba nthawi yaitali, kenaka anachoka osatipatsa moni.

Amalume anatulukira maso ali ofiira, nati ndi utsi. Anatuma mkulu wanga kukantina, kasitolo kapafupi, kukatenga mapaketi awiri a masa, sipageti ija. Ine anandipatsa adyo ndi anyezi kuti ndisende. Nyama imene inali m'thumba lija anaiika pathabwa, atatifulatira, n'kuyamba kuiwaza ndi mipeni iwiri mpaka inalala ngati yogaya. Nthawi ndi nthawi ankaima, n'kutolamo kanthu kakang'ono, n'kuponya m'chitini. Kankalira ngati msomali.

Moto anasonkha waukulu, umene amayi sakanalola. Mafuta atayamba kufuka anaponyamo adyo ndi tsabola, kenaka nyama, ndipo fungo lake linatulutsa ana a m'nyumba zoyandikana. Kabichi anamudula ngati ulusi. Masa yowiritsa inalowa pomaliza pamodzi ndi msuzi wakuda uja, wonse, mpaka botolo anachita kulitsukuluza ndi madzi. Dzanja lawo silinapume pachiwayacho. Posakhalitsa tinali titakhala pamphasa, tikukoka masa yotentha ndi zala, mafuta akuyenderera m'zigongono. Mlongo wanga wamng'ono anati tiwasungireko bambo.

"Idyani zonse," anatero amalume. "Idyani msanga, amayi anu asanabwere."

Iwo sanalaweko. Anaima pakhomo akuyang'ana kumsewu mpaka tinanyambita mbale.

Amayi atatulukira, amalume anawachingamira, nawatula thumba la chimanga, nawakhazika pansi panjira pomwepo. Ndipamene tinamva. A Bonifasiyo anapeza ng'ombe yathu itaponda bomba lokwirira pafupi ndi mlatho, chingwe chidakali m'khosi. Bambo panalibe. Panali nsapato yawo imodzi, ndi mapazi a anthu ambiri olowera kuphiri. Amayi analira masiku atatu, ndipo m'nyumba mwathu simunaphikidwe kanthu. Bambo sitinawaonenso. Manda awo kulibe, ndipo mpaka nkhondo itatha amayi ankadzuka njinga ikaima pakhomo.

Tsiku lija ndinkayesa kuti amalume akufulumira poopa kukalipidwa chifukwa cha nkhuni ndi mafuta. Nditasinkhuka ndinawasungira chakukhosi, poti anatidyetsa nyama imene anachita kuchotsamo zitsulo, akudziwa zonse. Anamwalira ndisanawafunse. Lero ndili ndi ana anga, ndipo ndaona momwe mwana amaiwalikira m'nyumba yolira. Amalume anali ndi ola limodzi lokha limene ife tinali tisanakhale amasiye, ndipo anafuna kuti olalo lithe tili okhuta.