Amene Anagwetsa Ndege ya Aphunzitsi

Mumsewu wawo onse amawatchula Mayi Simbi, chifukwa ntchito yawo ndi kuchapa ndi kusita zovala za anthu. Masuti aukwati, mayunifolomu a manesi, makatani a m'maofesi, zonse zimadutsa patebulo lawo lalitali m'chipinda chakuseri. Koma ukafunsa za mayiwa, palibe amene amayamba ndi makolala owongoka. Amayamba ndi kuseka, kenako amati ndi aja anagwetsa ndege ya amuna awo. Nkhaniyi imandipsetsa mtima chifukwa ndi bodza, ndipo munthu amene akanalithetsa ndi mawu amodzi amagona nawo nyumba imodzi.

Amuna awowo amaphunzitsa anthu kuyendetsa galimoto, ndiye aliyense amangoti Aphunzitsi. Tsiku lonse amakhala pampando wam'mbali ali ndi buleki yawoyawo kuphazi, ndipo bulekiyo amabwera nayo mpaka kunyumba. Atapenga ndi tindege toulutsa ndi limoti, anagula yawo ili zidutswazidutswa m'katoni, n'kuilumikiza patebulo lositira. Mapiko ake amakutidwa ndi pulasitiki yopyapyala yomwe imamata ikatenthedwa, koma Aphunzitsi atayesa anangoiboola. Amene anakuta mapikowo ndi Mayi Simbi, ndi kansonga ka simbi yawo, popanda khwinya ngakhale limodzi. Mayiwo ataigwira ndegeyo itatha, yopepuka ngati mtanga wopanda kanthu, anafuna chinthu chimodzi basi: kuiulutsa ndi manja awo.

Aphunzitsi sanakane, si anthu okana poyera. Anangoika lamulo lakuti palibe wogwira ndege yeniyeni asanakhoze pakompyuta. M'chipinda chochezera munali kompyuta yakale yokhala ndi pulogalamu yoyeserera: umalumikiza limoti ndi chingwe, pasikirini pamaoneka bwalo ndi kandege, ukakagwetsa umadina batani n'kubwera kena. Anati mayiwo ayambe akhoza kukweza ndege n'kuizunguliritsa ngati mkombero, kuigubuduza, kudutsa nayo bwalo lonse ili chagada, kenako n'kutera bwinobwino. Ankalankhula akuwerenga pazala, ali ndi nkhope ya munthu woti watseka chitseko n'kumeza kiyi.

Masana alionse, zovala zili pachingwe, Mayi Simbi ankakhala pakompyutapo, zala zazikulu zili patimitengo tiwiri ta limoti. Anagwetsa ndege zosawerengeka. Chinawasautsa kwambiri n'chakuti ndege ikatembenuka n'kumabwera kwa iwe, kumanja kwako kumakhala kumanzere kwake, ndipo ikagada, kamtengo kamene kamaikweza ndi kamene kamaigwetsa. Mutu umadziwa msanga, koma zala zimachedwa kumva. Iwo anazikakamiza mpaka zinamva.

Atawaonetsa amuna awo, Aphunzitsi anakanda chibwano n'kunena kuti kunja kumakhala mphepo, ndipo anaika mphepo m'pulogalamumo. Mayi anaigonjetsa. Aphunzitsi anawazimitsira injini ndege ili m'mwamba, mayi n'kutera nayo ili zii. Apa bambo anasowa ponamizira, ndiye anavomera monyinyirika kuti Lamlungu, akaulutsa iwo kaye, mkazi wawo adzagwirako.

Lamlungulo anapita kubwalo la mpira kumene anzawo a tindege amasonkhana. Mayi Simbi ananyamula ndegeyo pamiyendo njira yonse. Koma kubwaloko kunatulukira achimwene awo a Aphunzitsi, mkulu wogulitsa matayala, munthu wa mawu aakulu amene sanauzidwepo kanthu chibadwire. Anayang'ana limoti n'kuseka, nati iwo ayendetsa malole a ngolo ziwiri, ndiye kachidole aka sikangawavute. Kompyuta ija anali asanaikhudzepo, ngakhale kuiona kumene.

Aphunzitsi anakweza ndege, anaizunguliritsa kawiri, kenako anatembenuka. Mayi Simbi anali atapukuta kale manja pasiketi. Limoti inawadutsa pamphuno n'kukatera m'manja mwa mkulu uja.

"Bambo, nanga lamulo lija?" anafunsa motsitsa mawu.

"Dikira kaye iwe, alawe achimwene. Nthawi ilipo."

Lamulo limene linawadyera mayiwa masana a miyezi yambiri linasungunuka pamenepo ngati sopo woiwalika m'beseni. Ndege ikupita kutali zinthu zinkaoneka bwino, ndipo alamu awowo ankafuula kuti aliyense aone. Itatembenuka n'kuyamba kubwera, phiko limodzi linapendekeka. Mkuluyo anakankha kamtengo mbali imene maso anamuuza, ndege n'kupendekeka kwambiri. Anakankhanso mwamphamvu, ndege inagada n'kuloza mphuno pansi, cha kumene kunakhala amayi ena ndi makanda awo. Aphunzitsi, katswiri wa buleki, anangoti kukamwa yasa.

Mayi Simbi sanapemphe. Anatsomphola limoti m'manja mwa alamu awo, zala n'kuchita zimene zinaphunzira. Ndege inagubuduka n'kuwongoka, mapiko ali tambalale, inadutsa pamwamba pa amayi aja n'kuyamba kudzutsa mphuno. Koma inali itatsika kale kwambiri. Phiko lamanja linamenya chitsulo cha golo, ndipo zidutswa zinamwazika paudzu.

Anthu atacheuka kuti aone wolakwa, anapeza limoti ili m'manja mwa mkazi. Alamu awo sanachedwe, anakweza manja n'kuuza bwalo lonse kuti iwo anali ataigwira bwino, kungoti mlamu wawoyu anachita mantha n'kuwalanda. Wina anaponya nthabwala ya simbi, bwalo lonse n'kufa nako kuseka. Mayi anayang'ana amuna awo kudikira kuti alankhule. Aphunzitsi anawerama n'kuyamba kutola zidutswa.

Umo ndi mmene Mayi Simbi anaulutsira ndege yeniyeni, kamodzi kokha m'moyo wawo, kwa nthawi yosakwana kumeza malovu. Nkhani inafika mumsewu iwo asanafike, ndipo mpaka lero makasitomala akabweretsa malaya amawafunsa ngati sawagwetsa.

Atafika kunyumba madzulo amenewo, Aphunzitsi anakhuthula zidutswa patebulo lositira n'kuyamba kuziyala, akulankhula mokoma kuti phikoli lingamatike, bola pulasitiki yatsopano ndi dzanja labwino. Mayi anaima pakhomo, nsapato asanavule.

"Bambo, ndikufunseni. Munaona kuti inawongoka?"

Aphunzitsi anatembenuza kachidutswa m'manja nthawi yaitali.

"Ndinaona."

"Munaona kumene inkapita ndisanaigwire?"

"Ndinaona, mayi. Ineyo sindikanaibweza pamene paja." Anaika kachidutswako pansi. "Koma ndi achimwene anga aja. Ukanafuna ndiwachititse manyazi pagulu?"

Amati chibale ndi fupa, sichiwola. Chabwino, koma fupalo linatafunidwa ndi mano a mkazi. Chimene chinawawawa Mayi Simbi si kuseka kwa anthu, chifukwa anthuwo sankadziwa. Chinawawawa n'chakuti munthu mmodzi yekha wodziwa kuwerenga ndege m'mwamba anaona zonse, anayeza manyazi a mbale wake ndi manyazi a mkazi wake, n'kusankha amene anaona kuti ngotchipa.

Mayi sanakalipe. Anasonkhanitsa zidutswa zonse, anazibwezera m'katoni, anawapatsa amuna awo m'manja, n'kuwauza kuti akawapatse achimwene awo akute okha mapikowo, popeza iwo ndi amene amaigwira bwino. Kenako anayala nsalu patebulo n'kuyamba kusita mayunifolomu a Lolemba.